Suti ya Obed

Chansa atafika pakhonde la telala mumsika wa Chawama, anapeza mlamu wake Blackson atavala jekete la mwamuna wake, mabatani atakana kukumana pamimba. Ba Mussa, telala amene anamuimbira foni kuti abwere msanga, anali atakhala kuseri kwa makina osokera.

Obed, mwamuna wa Chansa, anali gone m'chipatala sabata yachitatu. Dzulo lomwe anamuuza kuti akatuluka adzavala suti yakudayo popita kutchalitchi kukayamika.

"Ba mulamu, suti iyi ifuna chani kuno?"

"Nabweretsa bakulitseko pang'ono," anatero Blackson akudziyang'ana pagalasi. "Mufuna idyewe na makoswe? Ni ya mufana wanga, vinthu va pa banja. Kumwamba sibafunsa suti."

"Bakali moyo. Lelo kuseni bamwa na poliji."

"Poliji! Imwe ba Mussa, masulani. Muli nsalu yambiri mukati, naimvera na manja."

Nsaluyo inalimodi. Chiyambire matenda omuwondetsawo, Chansa anabwera ndi Obed pakhonde lomweli katatu. Ba Mussa ankatsina jekete kumsana ndi zala ziwiri, n'kutsinanso buluku m'chiuno, kulemba ndi choko, n'kuchepetsa. Koma sankadula. Yotsalayo ankaipindira mkati n'kuisokerera, chifukwa wodwala, ankatero, sumudulira nsalu. Mulungu akamubwezera thupi umangomasula msoko. Chansa akamasita sutiyo ankachedwa pamisoko yokhuthalayo, akupemphera chamumtima.

"Ine sinizagwira mpaka amayi aba bakambe," anatero Ba Mussa.

"Matelala ni bambiri mu Chawama, mudala. Uja wa pa kona azasiliza nikali kumwa tiyi."

Chansa anadziwa kuti sakunama. Akaitengera kunyumba, mlamuyo adzabweranso mawa iye ali kuchipatala, pakuti makiyi a nyumba anali nawo. Asilikali a m'Baibulo aja anagawana zovala pansi pa mtanda anali alendo. Uyu anayamwa bere limodzi ndi wodwalayo.

Chansa anapinda bondo mwaulemu. "Vulani, ba mulamu, niyanganeko."

Blackson anavula akumwetulira, poyesa kuti mayiyo wagonja. Chansa anatembenuza jekete, kunja kukhala mkati, n'kuliyala pathebulo pamodzi ndi buluku.

"Ba Mussa, dulani. Yonse ya mukati."

Telalayo anavula magalasi. "Amayi, nikadula sibwelela. Bakachila, bakayamba kuina, thupi ikabwelela..."

"Niziba. Dulani."

Ba Mussa anatchula dzina la Mulungu chapansipansi n'kutola sizasi. Timizere takuda tinayamba kugwa pasimenti, pakati pa zidutswa za mayunifolomu a ana asukulu.

"Mfiti iwe!" anakuwa Blackson, mpaka amayi ogulitsa tomato anatembenuka. "Wamuika m'manda wekha. Nizauza banja lonse!" Anatola chipewa chake n'kulowa m'chigulu cha anthu.

Chansa anaima pomwepo mpaka Ba Mussa atatseka msoko womaliza, n'kuipinda yekha sutiyo. Inapepuka m'manja ngati ya mwana. Mu minibasi yopita kuchipatala anayesa kung'ung'udza nyimbo ya kwaya imene Obed amaikonda, koma anailekera panjira. Sutiyo tsopano sikanakwana munthu wina aliyense, koma Obed yekha, ndi thupi limene anamusiya nalo m'mawa uja.