Mlatho Wosafuna Kuyang'anidwa

Wietske anali atangotseka gasi pamene Thijmen, mnzake wa mu labu, anasuzumira pakhomo akutafuna buledi wa tchizi.

"Waima?"

"Waima," anayankha Wietske monong'ona, ngati mlathowo ungamve mawu n'kugwa.

Mlathowo unali m'mimba mwa maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo unali waung'ono moti yambirimbiri ikanandandalikana m'mimba mwa tsitsi limodzi. Kamangidwe kake n'kosavuta kukamba. Umalowetsa gasi wokhala ndi pulatinamu m'makinamo, n'kulozetsa cheza cha maelekitironi pamalo amodzi. Pamene chezacho chaima, gasi amasweka n'kusiyapo kachitsulo, ndipo ukachiyendetsa pang'onopang'ono kawaya kamamera m'malere. Nyengo yonse yozizira milatho ya Wietske inkapindika kapena kugwa. Uwu wokha ndi umene unaima, mawaya ake opyapyala monga ankafunira apulofesa, ndipo mawa lake unayenera kupita kukayezedwa. Digiri yake inkadikira muyeso umenewo.

Koma ntchito imeneyi ili ndi nkhanza yake. Cheza chomangira ndi chomwecho choonera, ndiye gasi akadali m'makinamo, kuyang'ana n'kumanga komwe. Umajambula chithunzi chimodzi mothamanga, kenako umadikira mpaka madzulo kuti pampu ikoke gasi yense.

"Manja m'thumba tsopano, mayi," anatero Thijmen. "Ndimakudziwa iwe. Ukhoza kuuyang'ana mpaka mlathowo unenepe ngati soseji."

"Choka apa, ukundimwazira nyenyeswa."

Atatsala yekha, Wietske anakhala n'chithunzi chake. Chinali chotuwa, chabata, ngati dziko la nkhungu kumene sikugwa mvula ndipo sikunafikepo munthu. M'maganizo mwake anavula nsapato n'kuyamba kuwoloka pamlathopo, akugwira mawaya ozizira, pampu ikung'ung'uza kutali.

Anadzidzimuka ndi kugogoda. Anali makolo ake, makoti awo atanyowa. Ankapita kuchipatala cha mumzindamo ndipo anaganiza zomudzera. Bambo ake, a Siebren, anathera moyo wawo akuwotcherera milatho ya pangalande, koma tsopano matenda oiwala anali atawagwira. Miyezi yapitayi ankamuitana mwana wawoyu ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale.

"Wietske," anatero a Siebren, "chipinda chako chilibe zenera?"

Wietske anaima kakasi. Dzina lakelo anali atalisowa kwambiri pakamwa pamenepo, moti misozi inalengeza.

"Lero adzuka bwino," ananong'oneza mayi ake, a Tjitske. "M'sitima muja amatchula milatho yonse ndi mayina ake. Koma dzuwa likapendeka, ukudziwa mmene zimakhalira. Sitikhalitsa."

Wietske anawakhazika bambo ake pampando n'kuwaonetsa chithunzi chija. Iwo anachiyang'ana, kenako anapukusa mutu.

"Apa ndikuona pamwamba pokha. Mlatho sauonera pamwamba, mwanawe, pamwamba ndi pa anthu a njinga. Utembenuze ndione kunsi."

"Madzulo, Bambo. Panopa sizingatheke."

"Madzulo," anabwereza a Siebren mofatsa, n'kuyang'ana akazi awo ngati akufunsa ngati madzulowo adzakhalapo. A Tjitske anayang'ana pansi.

Thijmen, amene anali atabweretsa khofi wa alendo, anamukokera Wietske pambali.

"Usayerekeze. Makinawa sudzawapezanso mpaka mwezi wamawa, ndipo sukudziwa ngati mlatho wina udzaima. Apulofesa adzakudya wamoyo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukugwiriranji batani?"

Wietske anayatsa cheza, anapendeketsa kambale kamene panali mlathowo, ndipo mlatho unayamba kutembenuka pakanema pang'onopang'ono, ngati ngalawa ikukhota padoko. A Siebren anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Eyaa," anapumira m'mwamba. "Ima pomwepo. Yandikiza pa mwendo uwo."

Wietske anayandikiza. Bambo ake ankatsata waya uliwonse ndi chala, akung'ung'udza kanyimbo kamene ankaimba kale akamapita kuntchito mbandakucha. Nkhope yawo inali ya munthu amene waima pansi pa mlatho weniweni, madzi akuwomba zipilala. Ndipo malo alionse amene iwo ankawakonda, Wietske ankaona mawaya akunenepa, m'mbali mwake mukuchita ubweya, timipata tikutsekeka. Mtima unkamupweteka, komabe anali wosangalala kuposa tsiku lina lililonse la chaka chimenecho.

"Wowotcherera wake ndani?" anafunsa a Siebren.

"Ndine, Bambo."

"Iweyo? Wekha?" Anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wawo, maso ali gwa, akumudziwa bwinobwino. "Tjitske, tabwera udzaone. Mwana wathuyu sanasiye mpata ngakhale umodzi m'mfundo. Taona mmene ukulimbira ndili chiyang'anire! Umenewu sungagwe."

Thijmen anatsegula pakamwa, kenako anatsekapo ndi kapu ya khofi.

Anayang'ana mpaka a Siebren anatopa okha. Povala khoti anavutika ndi mabatani, ndipo pakhomo anamugwira chanza Wietske mwaulemu, n'kuthokoza adona chifukwa chowalandira bwino.

Makolo atapita, Wietske anazimitsa cheza. Pakanema panatsala chinthu chonenepa, chamiyendo yofupika, chosayenera kuyezedwa ndi aliyense.

"Ukawauza chiyani apulofesa?" anafunsa Thijmen. "Tinene kuti pampu inavuta? Ine ndikuikira umboni."

"Ayi," anatero Wietske akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Ndikawauza kuti panabwera munthu wodziwa milatho, ndipo ndinamusiya ayang'ane mpaka atakhutira."

Anatenga kiyi wake wa labu n'kukwera masitepe opita ku ofesi ya apulofesa.