Uvuni wa Mkamwini

Yosefe Mbewe anasiya ntchito ya umesenjala ku boma la Chadiza m'chaka chimene buledi anasowa m'masitolo, anthu n'kumapsa ndi dzuwa pamzere kudikira chinthu chosabwera. Anzake ankati mutu wake sukuyenda bwino. Iye ankangoseka, chifukwa pamzerepo ankaonapo msika. Pamsonkhano wa azibambo a mpingo anaimirira n'kunena kuti Mulungu anam'patsa manja awiri athunthu, ndipo anali atatopa kunyamulira anthu ena tiyi.

Anabwerera kwa Mlolo, kumudzi kwa mkazi wake Imelda, kumene anakwatira chikamwini. Anaumba njerwa, anaziwotcha, n'kumanga uvuni kuseri kwa nyumba. Ufa wa tirigu ukapezeka ankaphika mabanzi, ukasowa ankaphika chikondamoyo cha mgaiwa ndi nthochi. Posakhalitsa aphunzitsi anayamba kuimika njinga pakhomo pake, ngakhale atcheyamani a chipani, amene sankakonda kugula kanthu, ankapisa m'thumba.

Koma Yosefe, ndi nzeru zake zonsezo, anaiwala chimene mkamwini aliyense amachidziwa, kuti pamudzi pa eni sumanga cholimba. Amuna anzake obwera ankabzala chimanga ndi mtedza basi, mtengo wa mango ayi.

A Fulansisi, malume ake a Imelda, anali munthu wosachedwa kununkhiza pamene pakupsa zabwino. Tsiku lina anafika atavala jekete, ngakhale kunali kotentha.

"Akamwini, uvuniwu mwamanga bwino," anatero. "Koma dothi la njerwazi ndi lathu, ndipo pamene waimapa ndi pathu. Kuyambira mawa aziphikamo ndi Aleck, mwana wa mlongo wanga. Inu gwirani khasu."

Imelda anali pakhonde akusenda mtedza, ndipo sanadzutse mutu. Zimenezi zinamuwawa Yosefe kuposa uvuniwo.

A Ezekiel, mkulu wa mpingo, anamuuza kuti akadandaule kubwalo. Yosefe anakana.

"Abambo, mlandu umenewo ndikawina ndiye kuti ndapasula banja langa. Njerwazo atenge. Manjawa sanandilande."

Anapita ku boma n'kubwerako ndi mgolo wakale wa mafuta. Anauwotcha mpaka fungo linatha, anaboola kachitseko, anaikamo zitsulo zosanjikapo mathireyi ndi malo a moto pansi pake. Kenaka anaukhazika pamatabwa okhala ndi mawilo awiri a wilibala zakufa. Anthu ankabwera kudzaseka, amvekere mkamwini wa kwa a Fulansisi wagula ngolo koma ng'ombe yake ndi iye mwini. Yosefe ankaseka nawo uku akumenya misomali. Mumtima ankadziwa kuti chimenechi akachifuna kumsewu chipita kumsewu, akachifuna ku boma chipita ku boma, ndipo palibe angachiloze chala.

Loweruka m'mawa, ufa uli wokandakanda m'beseni, a Fulansisi anatulukira. Anazungulira mgolowo, anagogoda wilo ndi ndodo yawo, n'kumwetulira.

"Mgolowu ndi wanu, sindikana. Nanga moto wake? Mtengo uliwonse pano, wauwisi ndi wouma womwe, ndi wa mbumba yanga. Nkhuni mukazitenge kwanu."

Yosefe anali ataganizira za njerwa, ataganiziranso za mawilo, koma za nkhuni sizinamubwerere n'komwe. Kwawo kunali kutali, kupitirira Pembamoyo, ndipo ufa m'besenimo unali utatupa kale. Kwa nthawi yoyamba chisiyire ntchito anachita mantha.

Kuseri kwa nkhokwe kunatulukira Imelda atasenza mtolo waukulu wa nkhuni, thukuta lili kamukamu. Anautula pamapazi pa malume ake, anagwada monga mwa ulemu, n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Amalume, mbumba yanu mukunenayo ndine. Nkhunizi ndatola m'munda umene anandisiyira amayi. Mawa ndikatolanso, mkuja chimodzimodzi."

Mundawo unalidi wa Imelda, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezo.

Imelda anadzuka, anasansa fumbi pachitenje, n'kukweza mtolowo pamatabwa. Anagwira chogwirira cha kumanzere cha ngoloyo, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Tsiku lija ndinakhala chete, bambo a Zelesi, ndipo zakhala zikundidya mumtima. Gwirani uko. Moto tikayatsira kumsewu."