Kuseri kwa Kaseti

"Iponyedwe m'chimbudzi," anatero a Alufeo, akuloza kaseti inali pamphasa ngati akuloza njoka.

Ankauza mlongo wawo, Elena. Panali patangopita masiku atatu chiikireni m'manda mwana wake Benedicto, amene lole ya mbatata inamugunda pamsewu wa ku Lilongwe. Mtembo unabwera ndi jekete, nsapato, ndi kaseti imodzi yokhayo ya nyimbo zake.

Ku Bembeke nyimbo za Benedicto ankangozimvera mbiri. Akuti m'mabala a ku Dedza mnyamatayo sankaimba ngati anzake. Ankalankhula mothamanga pamwamba pa ng'oma yolemera, yogunda m'chifuwa, mwachijamaika, mpaka zidakwa kuiwala mowa patebulo. Apolisi anamumeta tsitsi kawiri. Pawailesi sanamvekepo ndi tsiku limodzi lomwe. Tsopano kunali manong'onong'o akuti nyimbo ina inkaseka ogulitsa makadi a chipani.

"Anyamata a chipani afunsa kale," anapitiriza a Alufeo. "Mukufuna tonse tikaolere kundende, achemwali?"

"Ndingomvako mawu ake kaye, achimwene."

"Kuti mudzi wonse umve nawo?"

A Ezara, bambo a malemuyo, anali mkulu wa kwaya, ndipo chichokereni mwanayo m'kwayamo sanamutchulepo dzina. Anakhosomola.

"Sititaya. Tijambulepo nyimbo za kutchalitchi. Akabwera adzapeza Mulungu."

Elena anavomera msanga, mtima unakhalako pansi. Iye ankayesa kuti mawu atsopano amangofunditsa akale ngati bulangete, tsiku lina nkudzavundukula. Abambo awiriwo anayang'anizana, koma panalibe amene anamuuza kuti akalewo amafufutika.

Masanawo amayi a kwaya amene anali akadali pasiwa anazungulira wailesi ya kaseti. Anaimba mbali imodzi mpaka kudzaza, a Ezara nkutembenuza. Mbali inayo nyimbo zinawathera kaseti itatsala pang'ono.

Anthu atabalalika, Elena anapempha kuti aimve. Kwaya inalira mpaka pa Ameni. Kenaka kunamveka phokoso, ng'oma inagunda kawiri, ndipo Benedicto analankhula, akupumira m'mwamba, akuseka.

"Anthu amati ng'oma yangayi ndi ya ku Jamaika. Bodza! Ndinaiba pamtondo wa amayi anga, akamasinja m'mawa kuli chisanu. Amayi, ndikudziwa bambo salola, koma tsiku lina mudzamva. Tembenuzani kasetiyi, nyimbo yanu ili kuseriko."

Wailesi inati thi, kuzima.

Elena anatembenuza kasetiyo yekha. Kunamveka mawu a mwamuna wake akutsogolera kwaya.

"Chotsanipo zanuzi tsopano, abambo. Ndimve ya mwana wanga."

A Ezara anadzuka. Anapita kuseri kwa nkhokwe, kumene a Alufeo anawamva akulira koyamba chichitikireni maliro.

Elena anakokera wailesiyo pamiyendo, nagunditsa khutu pomwe pamatulukira mawu. Anakhala choncho mpaka kaseti inatha, akumvetsera pansi pa kwayayo.