Kamzere Kamanyazi

Pa ofesi yopanga bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, onse ankamutchula kuti Maso, poti ankaona zimene ena sankaona. Koma tsopano dzinalo linali litasanduka chitonzo. Mtsikanayu ankaumirira kuti ukatseka menyu, kabokosi ka zosankha, kamzere kakuda kamatsalira pasikirini chifukwa bulawuza imaiwala kupentanso kachigawo kameneko. Tsoka lake, kamzereko kanali kamanyazi. Abwana akangofika n'kugwedeza mausi, tsamba lonse linkapentedwanso, iko n'kuzimirira.

Ngakhale pulogalamu yoyesa imene Maso analemba yekha inkamupereka. Inkatseka menyu, n'kujambula sikirini, n'kuyerekeza ndi chithunzi cholondola, kenako n'kuyatsa chobiriwira, kusonyeza kuti zonse zili bwino.

"Makina ako omwe akukukana," anatero abwana. "Pofika Lachisanu kakapanda kuoneka, bulawuza tikutulutsa, ndipo iwe ukatsika pansi kukayankha mafoni a odandaula."

Maso zinamuwawa kwambiri. Chipinda cha mafoni chinalibe windo, koma chimene chinkamudya mumtima n'kuyesedwa wolota masana.

Lachinayi kunabwera wojambula zithunzi za ma ID. Mandevu, mnzake wa desiki yoyandikana, mkulu wa mimba yotsogola, anakaima pakhoma. Kamera itangodzuka, mimba ija inalowa yonse, kolala n'kuwongoka.

"Achimwene, mimba yapita kuti?" anafunsa Maso.

"Ili patchuthi, achemwali. Ibwera akatha kujambula."

Maso anaseka mpaka misozi, kenako kuseka kunaduka. Anathamangira pakompyuta. Zinalidi choncho: pulogalamu yake isanajambule, inkayamba yauza tsamba kuti lidzikonze lonse. Ndani angaoneke wauve atachenjezedwa? Anaisintha kuti izijambula mobera zimene zili kale pasikirini, kenako ipentetse tsamba lonse, ijambulenso, n'kuyerekeza ziwirizo kadontho ndi kadontho.

Chofiira chinayaka. Chikhalire munthu sanakondwerepo ndi mayeso olephera ngati mmene anachitira Maso.

Abwana atabwera, dzanja lawo linalunjika pa mausi mwachizolowezi.

"Pepani bwana, manja m'thumba."

Anamuyang'ana, koma anamvera. Anawerama, magalasi ali pamphuno, n'kuyang'anitsitsa zithunzi ziwiri zija. China chinali choyera, china chili ndi kamzere katagona phee pakona.

"Ndakaona," anatero motsitsa mawu. "Bulawuza idikire kaye."

Maso anafuna kuyankha mwanthabwala, koma anangokokera mpando wake pafupi ndi desiki.