Mbalame ya Angerezi Ilowa m'Gereja, Yathu Itsala mu Mtengo

Mwamuna wanga anabadwira kumunda m'mamawa, apumbwa akulira m'mitengo ya magwafa, ndipo amake anangomutcha Pumbwa. Apwitikizi a ku mgodi wa malasha ku Moatize anamulemba Julião, koma ndani anamuitanapo choncho? Pa nkhondo ndiye anabereka mwana wathu Laurentina kumsana mpaka ku Malawi. Titabwerera kuno ku Zóbuè nkhondo itatha, anapita kukalambula munda n'kuponda bomba, n'kufera pomwepo.

Ndiye Laurentina atabala mwana wamwamuna, ndinati potuluka m'chikuta: uyu ndi Pumbwa. Basi.

Akatekista athu, a Firmino, anakana. "Mayi, dzina la mbalame sitibatiza nalo. Mukufuna mwanayu azidya tsabola m'minda ya anthu?"

Mkamwini wanga Silvestre, amene anaphunzira pang'ono kothawirako, anati akhale Robini. A Firmino anagwedeza mutu, ati limveka bwino, lachikhristu.

Ndinamufunsa Silvestre pakhonde, "Bambo, Robini ameneyu ndi woyera uti?"

Anakanda m'mutu. "Amayi, aphunzitsi ankati ndi kambalame kofiira pachifuwa. Linali dzina la munthu, Angerezi n'kukapatsa kambalameko poti amakakonda."

Ha! Mbalame yomwe sitinaionepo ilowe m'gereja, m'nyumba ya Mulungu, yathu yotidzutsa m'mawa itsale mu mtengo?

Tsiku la ubatizo padiri anabwera pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'ndevu. Mwana ndinabereka ndine, ndipo sindinamupereke kwa aliyense. Padiri atafunsa dzina, Silvestre anali asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Pumbwa!" ndinatero.

"Si ilo, bambo padiri," anatero a Firmino. "Imeneyo ndi mbalame."

"Robini wanuyo ndi ng'ombe?" ndinawafunsa. "Angerezi anapatsa mbalame dzina la munthu, ife tinapatsa munthu dzina la mbalame. Munthuyo, mwamuna wanga, ndiye anasenza mitengo ya denga mwakhala pansi pakeli. Ngati dzina lake lanyansa, tsitsani denga ndipite nalo."

Amayi ena kumbuyo anaseka mpaka kutsokomola. Padiri anayang'ana kudenga, kenako kwa Laurentina.

"Mayi wa mwana, mukuti chiyani?"

Laurentina, uja samayankha anthu pagulu, anati, "Ndi dzina la bambo anga."

Madzi anathiridwa pa Pumbwa. A Firmino mpaka lero sandipatsa moni pamsika. Asiye, moni wawo sindiphikira ndiwo.