Miyala ya Apongozi pa Ngalande

Mvula itangogwa kawiri chaka chimenecho, msewu wotsika kuchokera m'mudzi wa Chitsukwa kukalowa mumsewu waukulu wa ku Nsaru unang'ambika pakati. Chigwembe chake chinkamufika munthu wamkulu m'chiuno. Akabaza ankangofika pamphambano n'kuimika njinga, amvekere, "Kumtundako ayi amayi, matayala adula." Mavenda a tomato nawo anasiya kukwera ndi galimoto. Wofuna kugulitsa ankasenza yekha.

Kettie ankasenza. Dengu la tomato pamutu, mwana wake Thoko kumsana, makilomita awiri akuponda cham'mbali kuopa kuterereka. Tomatoyo ankachokera m'dimba lake la kudambo, ndipo m'mudzi monsemo dimbalo ndi chinthu chokhacho chimene ankatha kuchiloza n'kunena kuti "changa". Iye anali mtengwa: anachoka kwawo ku Nambuma kudzakhala kwa mwamuna wake Tobias. Nyumba inali pamalo a apongozi, munda wa apongozi, nkhokwe ya apongozi. Koma dambo linali la mudzi wonse, ndipo bungwe la mudziwo linkagawira khomo lililonse kadimba. Sopo, mchere ndi mankhwala a Thoko zinkachokera mmenemo.

Bungwe lomwelo ndi limene linkayang'anira msewu. Zaka zitatu zotsatizana makomo onse ankasonkha ndalama, kugula matumba, kuthiramo dothi n'kukwirira chigwembe. Zaka zitatu zotsatizana mvula inkakokolola matumbawo n'kukawaunjika kumunsi. Wapampando anali a Benson, bambo ake a Tobias. Mlembi anali Kettie, chifukwa anafika Fomu 2 mimba isanamuchotse pasukulu, ndipo zolemba zake zinkawerengeka.

Msonkhano unachitika Lolemba m'kasukulu ka mkombaphala. A Benson anabwera ndi mlendo wovala nsapato zosongoka, dzina lake Martin, wochita bizinesi ya njerwa mumzinda wa Lilongwe.

"Inu mwatopa kusonkha, ine ndatopa kukusonkhetsani," anatero a Benson. "Achimwene awa akuti atibweretsera chigalimoto chopala msewu ndi malole a dothi la miyala, ife osalipira kanthu. Chimene akupempha n'chochepa: aumbe njerwa kudambo zaka ziwiri zokha."

"Nanga madimba athu?" anafunsa mayi wina kumbuyo, mawu ali pansipansi.

"Tomato wosafika pamsika ndi wa chiyani? Mudzabwereramo zaka ziwirizo zikatha."

Abambo anawomba m'manja. Amayi anayang'ana pansi. Aliyense wa iwo anaonapo dambo limene mwadutsa oumba njerwa: maenje odzaza madzi obiriwira, udzudzu, ndi dothi lotuwa loti ngakhale chisoso sichimera. Anagwirizana kuti Loweruka adzasainirana, ndipo mlembi akonze kalata. Pa funso la chimene chawononga msewu, a Benson anati, "Mlembi alembe kuti ndi ngolo." Kettie analemba kuti ndi ngolo.

Koma ankadziwa kuti si ngolo.

Msewuwo poukonza koyamba anaukumbira ngalande zing'onozing'ono khumi ndi ziwiri, iliyonse yopatutsira madzi pang'ono m'munda wapafupi. Yoyamba, kumtunda kwenikweni, inkathira m'munda wa a Benson. Chaka chimene Kettie anatengedwa, madzi anakokolola mizere isanu ndi iwiri ya fodya wawo, ndipo iwo analamula kuti ngalandeyo itsekedwe. Miyala yotsekera anatuta ndi Kettie yemweyo, pamutu, pofuna kuonetsa kuti mtengwa watsopano si waulesi. Mwini munda wachiwiri ataona kuti akulandira madzi a minda iwiri, anatsekanso yake. Wachitatu chimodzimodzi, mpaka kumunsi. Aliyense ankatseka mwakachetechete nthawi yogalauza, aliyense ankadziwa za mnzake, ndipo panalibe wotchula. Madzi atasowa potulukira anayamba kuyenda mumsewu momwemo.

Madzulo a tsiku la msonkhanolo anapeza Tobias akukhomera khasu pampini.

"Abambo a Thoko, bwanji mukawauze abambo za ngalande zija?"

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti msewu anapha ndi iwo? Amake Thoko, malo tikugonapowa ndi a ndani?"

"Dimba likapita, sopo tizikapempha kwa apongozi?"

"Tidzaona."

"Tidzaona sachapa zovala."

Tobias anangowonjezera mphamvu pokhoma khasu.

M'mawa mwake kudambo anauza Rozaria, mtengwa mnzake wa dimba la chakumunsi. Rozaria anaika kheni yothirira pansi n'kumuyang'ana ngati akuona munthu wodwala.

"Asisi, mtengwa ndi mlendo. Mlendo akaona ntchentche m'ndiwo amangodya cha mbali inayo. Ine kuno ndatha zaka khumi ndi zinayi, ukwati uli nganganga, chifukwa pakamwa ndinasoka. Mukayankhula, dimba lipitabe, inunso mupita ku Nambuma chikwama chili pamutu. Lembani kalatayo muzipuma, eti."

Kettie anapitiriza kuthirira tomato wake. Akayankhula, wanyoza apongozi aamuna pagulu, munthu amene mwamwambo sayenera ngakhale kumuyang'ana kumaso, amene akakumana naye panjira amapatuka n'kugwada. Akakhala chete, kalata yopereka dimba lake ailemba ndi dzanja lake lomwe. Anatembenuza nkhaniyo uku ndi uku, koma khomo lotulukira silinaoneke.

Lachitatu kunabwera a Evelyn, alangizi a zaulimi a m'deralo. Njinga yamoto anaisiya pamphambano, ndipo anafika kudambo thukuta lili kamukamu.

"Msewu wanuwu wandichepetsa thupi," anatero akukhala pachulu. "Kunyumba akuganiza kuti ndili ndi nkhawa za banja."

Kettie anadikira kuti amayi ena atalikire. "Alangizi, tiyerekeze kuti pali mudzi wina wake, umene anthu anatseka ngalande za msewu..."

A Evelyn anaseka. "Mudzi winawo ndaudutsa pompano. Ndawerenga ngalande khumi ndi ziwiri, zonse zotseka. Ina anachita kudzalapo nthochi kuti isaoneke."

Apo Kettie anamasuka n'kuwauza zonse, za Martin ndi za Loweruka.

"Madzi saiwala khwawa, amake Thoko," anatero alangiziwo. "Mukathira malole khumi a miyala ngalande zili chitsekere, pofika Febuluwale miyalayo mukaitola kudambo. Mudzakhala opanda msewu, opandanso dimba. Koma madzi omwewo mukawagawa pakhumi ndi pawiri, aliyense amalandira ochepa. Pamathero pa ngalande mukumbe dzenje lopingasa lokolola madzi, lofika m'chiuno, m'mphepete mwake mudzale udzu wa vetiva. Madzi amadikha mmenemo n'kumalowa pansi pang'onopang'ono. Ng'amba ikabwera mu Januwale, munda umenewo ndi umene umakhala wobiriwira."

"Ndiye mubwere Loweruka mudzawauze."

"Ndibwera. Koma ndikuuzeni zoona: mawu amenewa ndawanena m'midzi isanu. Anthu amagwedeza mutu, amandiperekeza bwinobwino, koma palibe amafuna kukhala woyamba. Ndipo wa kumunsi sangayambe, angamire ndi madzi a anthu onse. Iyenera kuyamba ya kumtunda. Kodi ndi ya ndani?"

Inali ija ya apongozi ake a Kettie. Ngodya ya munda imene panali ngalandeyo a Benson anaipereka chaka chatha kwa Tobias ndi mkazi wake kuti azidzalamo mtedza, chifukwa nthaka yake inali itauma gwa. Mtedza wa Kettie unali utangomera. Ndime inali yake, miyala inali ya apongozi.

Lachinayi anapita kumundako ndi khasu ndi fosholo yobwereka. Anakhazika Thoko pamthunzi n'kuyamba kukumba dzenje lopingasa, kudula mizere yake yomwe. Nthaka inali yolimba, ndipo dzuwa litafika pamutu dzenjelo linali litangomufika m'mawondo. Kenako anapita pangalande n'kuyamba kuchotsa miyala umodziumodzi. Ina ankaikumbukira. Waukulu wafulati uja ndi umene unamusupula khosi ali mtengwa wa milungu iwiri.

Tobias anamupeza akugubuduza womaliza.

"Amake Thoko! Mwapenga kodi?"

"Mwati ndisayankhule, ndipo sindinayankhule ndi munthu. Ndikungolima ndime yanga."

Tobias anayang'ana miyala, anayang'ana kunyumba kwa bambo ake. Kenako ananyamula mwana n'kuchoka.

Mvula inagwa Lachisanu masana, yamphamvu. Madzi a kumtunda anakhota n'kulowa m'ngalande monga ankachitira kale. Dzenje linadzaza, ndipo poti linali losaya, linasefukira. Mvula itakata Kettie anapeza mizere isanu ndi umodzi itafafanizika, timitengo ta mtedza tili gada, mizu m'mwamba. Mbewu imeneyo anagula ndi ndalama za tomato. Anaima m'matopemo manja ali lende.

Akadali pomwepo anaona a Benson akubwera, Tobias ali pambuyo. Anapatuka, nagwada m'matope atayang'ana kumbali.

"Tobias," anatero a Benson, "afunse akazi ako kuti miyala yanga wachotsa ndani."

"Amake Thoko, abambo akuti miyala..."

"Ndamva. Auzeni kuti ndachotsa ndine. Amene anaitutanso ndine."

"Abambo, akuti..."

"Ndili ndi makutu! Afunse ngati kwawo ku Nambuma amatero. Afunsenso ngati mtedza wagona apawu ndi umene akausenze kupita nawo ku Nsaru."

Kettie anayankha ali chigwadire. "Auzeni kuti mtedzawo ndataya, ndavomera. Koma ayang'ane kumsewu."

A Benson anayang'ana. Kuyambira pangalande yotsegulayo kutsika mpaka pamunda wachiwiri, matumba amene anaika mu Okutobala anali chikhalire, timadzi tikungoyenda pang'ono m'mbali. Cha kumunsi, kumene madzi anali ataunjikananso, chigwembe chinkalirima, matumba ali mbwee. Kenako mkuluyo anatembenuka n'kumapita. Madzulo amenewo apongozi aakazi sanatumize kambale ka ndiwo monga ankachitira masiku onse. Kettie anapinda zovala zake ndi za mwana n'kuziika pafupi ndi chikwama, kuti akamuuza zonyamuka asachedwe.

Loweruka a Evelyn anakana mpando. "Msonkhano wa msewu tichitire pamsewu," anatero, n'kuyamba kukwera nawo anthu kuchokera kumunsi. Aliyense akafika pangalande yake ankapeza chochititsa chidwi kumitambo. Mwini nthochi uja anayamba kutsokomola. Atafika kumtunda, anthu anaona okha pamene msewu unapulumuka.

"Watsegula ndani apa?" anafunsa bambo wina.

 Kettie anagwira buku la bungwe mwamphamvu, maso ali pansi. A Benson anakonza kukhosi.

"Munda uno ndi wanga. Ife a kumtunda tayamba, otsatira ndinu."

Kettie anatsegula buku n'kulemba kuti wapampando wayamba.

Nkhani sinathe bwino kwa onse. Martin atamva kuti kalata sisainidwa, anaulula kuti anali atapereka kale ndalama kwa akuluakulu atatu a bungwe mu Okutobala, anthu osadziwa, ndipo ndalamazo ndi zimene zinagula matumba omwe anakokolokawo. Zobweza panalibe. Anagwirizana kuti aumbe njerwa chilimwe chimodzi pangodya ya kumunsi kwa dambo. Chikhomo cha malire ake anachikhoma mapazi awiri kuchokera pamene dimba la Kettie limathera. Madimba anayi anapita, limodzi la Rozaria.

"Pakamwa ndinasoka, asisi," anatero Rozaria akuzula mitengo ya tomato wake, "koma taonani."

Kettie anamudulira mabedi awiri m'dimba lake.

Loweruka lomwelo a Evelyn anaonetsetsa kuti m'buku mwalembedwa malamulo atatu: malo a mudzi saperekedwa kwa munthu popanda makomo onse kukweza manja, amayi omwe, ndalama iliyonse yolowa m'bungwe iziwerengedwa pagulu, ndipo chaka chilichonse anthu asanayambe kugalauza, bungwe liziyendera ngalande zonse.

Pofika Khirisimasi ngalande zisanu ndi zinayi zinali zotsegula. Zitatu eni ake anali akuzengereza, ndipo pamenepo msewu unkadyekabe. Akabaza anayamba kufika pakatikati. Kettie ankasenzabe tomato, koma kilomita imodzi yokha. A Benson anatha milungu itatu osaponda pakhomo pa mwana wawo, ndipo zovala zopinda zija zinakhalabe pafupi ndi chikwama.

Mmawa wina potsegula chitseko, Kettie anapeza piki itatsamira khoma, pambali pake mtolo wa vetiva wongozula kumene. Pikiyo ankaidziwa: inali ya a Benson, imene sankabwereka munthu, ngakhale ana awo.

"Izi zachokera kuti?" anafunsa.

Tobias anakanda kumutu, akulimbana ndi kuseka. "Abambo. Akuti ndikuuzeni kuti dzenje lanu lija ndi losaya. Akuti munthu ukaganiza zochita mwano, uzichita wofika m'chiuno."

Kettie anabereka Thoko, naika piki paphewa.

Phunziro: Madzi amene mwawatsekera pamunda panu sabwerera kumwamba, amapita kwa mnzanu, kenako amadya msewu wa tonse. Musanasonkhetse anthu kapena kupereka malo a mudzi kuti mukonze chinthu, yambani mwatchula chimene chikuwononga, ngakhale chitakhala pakhomo pa wapampando.