Misangu ya M'munda Wobwereka

Munda umene Che Uladi anabwereketsa Lusia unali woti ngakhale mbewa zinasamukamo kalekale. Nthaka yake inali yoguga, yotuwa, ndipo chimene chinkakondwamo chinali kaufiti yekha. Tisawanamizire akuluwo kuti anali ouma mtima, ayi. Chaka chimenecho othawa nkhondo ya ku Mozambiki anadzaza Katuli yense, ndipo aliyense wokhala ndi malo ankapereka chigawo chimene iye mwini anachitaya kale.

Lusia anafika yekha. Mwamuna wake Jose anthu a mfuti anamuombera pakhomo, iye akuonera m'chinangwa momwe anabisala. Mwana wawo Rute anafera kumsana panjira, ndipo anamukwirira pansi pa mtengo umene lero sangauloze. Sanalire. Amayi anzake anadikira misozi mpaka kutopa, nkuyamba kunong'onezana kuti mayiyu mutu sukuyenda. Mutu unkayenda bwinobwino. Mtima ndi umene unachita dzanzi, ngati mwendo umene munthu waukhalira nthawi yaitali.

Manja okha ndi amene ankakumbukira ntchito. Za feteleza sankaziganizira n'komwe, choncho anachita zimene amayi ake ankachita kwawo. Anzake akamatentha mapesi kuti asake mbewa, iye ankawagoneka pakati pa mizere nkuwakwirira pamodzi ndi udzu. Phulusa la pamoto, makoko a mtedza, zosesa za pabwalo, zonse zinkathera kumunda. Anapempha mbewu ya nandolo nkudzala m'chimanga, kuti masamba ake akayoyoka aziwolera pomwepo. M'mawa uliwonse ankasesa khola la mbuzi la Che Uladi, nkusenza ndowe padengu.

"Tengani, mayi, tengani, mwatipeputsira ntchito," ankatero Che Uladi akuseka. "Koma kwanuko mumadya zimenezi?"

Lusia sankaseka, sankakwiyanso. Ankangosenza dengu lake.

Mbuzi zija zinkadya zipatso za msangu kudambo, ndipo njere zake zinkatuluka zamoyo m'ndowe. Mvula itagwa, timitengo taminga tinamera apa ndi apo m'mundamo. Wina akanatipalira limodzi ndi udzu. Koma Lusia ankaudziwa msangu, mtengo wamakani umene umayoyola masamba dzinja anzake onse akuphuka. Suphimba chimanga, ndipo masambawo ndiwo manyowa amene. Anasiya misangu isanu ndi iwiri, nkumailambalala ndi khasu.

Pofika chaka chachinayi kaufiti anali atachepa, nthaka itada, chimanga chikubereka ziwiriziwiri. Misangu inali itamupitirira msinkhu. Zaka za mitengoyo zinali pafupifupi zimene Rute akanakhala nazo, koma Lusia sankadzilola kuwerenga zimenezo.

Mbiri ya chimangacho inawapeza Abiti Wadi, mlongo wawo wa Che Uladi, amene ankakhala ku Namwera. Kumeneko munda ndi wa akazi a pamtundu, mwamuna amangoyang'anira. Anabwera mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nayendera munda wonse, mlongo wawo akutsatira pambuyo. Anatapa dothi, nalifikisa, nagwedeza mutu moyamikira. Kenako anaona mitengo ija.

"Achimwene, munda wa amayiwu mwaugulitsa?"

Che Uladi anayang'ana pansi ngati ataya singano. Abiti Wadi anatembenukira kwa Lusia.

"Mayi, chimanga ndi cha chaka chimodzi, nandolo mwina ziwiri. Koma mlendo akadzala mtengo ndiye kuti akunena kuti pano mpanga. Mawa ana anu adzaloza mitengoyi, adzati anadzala ndi amayi athu."

"Ndilibe ana," anatero Lusia. "Komanso sindinadzale. Inabwera ndi mbuzi zanu."

"Nanga woisamala mpaka kufika apa ndani?"

Zinali zoona, ndipo Abiti Wadi anapitiriza.

"Mudule, apo ayi mubweze munda. Ndidzabweranso Lachisanu."

Che Uladi, amene anali ataona ndi maso awo kuti chimanga cha pafupi ndi misanguyo n'chimene chimanenepa, anangovomereza ndi mutu. Ndi mbuzi zokha ankalimba mtima.

Lusia sanadandaule kwa munthu. Popanda mundawo akanatsala ndi khadi lolandirira ufa ndi mzere wa padzuwa, basi. M'mawa mwake anabwereka chikwanje. Mwezi umenewo tchire lonse limakhala louma, msangu wokha uli biriwiri. Anadula woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chiwiri. Minga inamung'amba m'manja, iye nkuyang'ana magaziwo ngati a munthu wina. Anapulula masamba onse nkuwakwirira m'mizere, chifukwa manyowa sataya. Nthambi anazimanga mitolo nkukatula pakhomo pa Che Uladi, poti mitengo ya m'munda wa eni ndi nkhuni za eni.

Lachisanu Abiti Wadi anapeza zitsa zisanu ndi ziwiri, ndipo mtima wawo unakhala pansi. Anamugwira Lusia paphewa.

"Musatione ngati anthu oipa, mayi. Ifenso tili ndi adzukulu. Zitsazi zikamaphukira muzithyola. Koma kulima limani, palibe akuvutitseni. Limani mpaka kwanu kutazizira." Anamwetulira. "Ndipo sipatali. Pawailesi akuti akuluakulu agwirizana, mfuti zikhala chete. Inshallah, Mulungu akalola, chaka chamawa mudzalima kwanu."

Ananena zimenezi ndi mtima wabwino, napita.

Lusia anatsala chiimire pa dothi lakuda lija, limene analisenza pamutu dengu ndi dengu. Kwawo kunali chiyani? Phulusa la nyumba, ndi munda umene tsopano unali thengo. M'chifuwa mwake munayamba kulasalasa, monga umachitira mwendo wadzanzi magazi akayamba kubwerera. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zinayi anamva kanthu, ndipo kanthuko kanali mantha.

Anakhala pa chitsa chimodzi. Anadzimva akunong'ona, manyazi atamugwira mpaka kumapazi, koma milomo sinaleke. Ankapempha Mulungu kuti nkhondo imene inapha Jose isathe msanga, ingopitirirako chaka chimodzi chokha.